Tisanakwere Phiri la Mulanje

Sabata ino tilankhule za ulendo umene takhala tikuukonza kwa miyezi ingapo, ulendo wokakwera Phiri la Mulanje. Ife a pa Boma la Chiradzulu timaliona phirili chapatali kukacha bwino, ndipo poti tinakulira m'tsinde mwa phiri lathu, ambiri timayesa kuti Mulanje ndi mkulu wake chabe wa Chiradzulu. Phiri lathu ndi lotalika mamita 1,773, pamene nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002. Kuno munthu amakwera atamwa phala, n'kutsika kudzadya nsima kwawo. Pamwamba pa Mulanje pali zidikha zazikulu za udzu, mitsinje ndi nsonga zambirimbiri, ndipo munthu wosadziwa njira angathe kuzungulira masiku angapo osaona denga la nyumba.

Choyamba choti tidziwe n'chakuti phirili lili ndi eni ake komanso malamulo ake. Boma linaliika kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'gulu la malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao amalipatsa. Tidzachoka kuno m'mamawa kudzera ku Limbe, n'kutsata msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, pamene tidzakhotere ku Likhubula. Kumeneko kuli ofesi ya za nkhalango: tidzalembetsa maina, kulipira ndalama yolowera ndi ya nyumba zogonamo, ndiponso kutenga otitsogolera, amene kumeneko amangowatchula kuti magaidi. Kudula mtengo, kusaka nyama ndi kuyatsa moto patchire n'zoletsedwa. Chinyalala chilichonse chimene tikwere nacho tidzatsika nacho, ngakhale pepala la switi.

Ena pamsonkhano wathu anadandaula kuti ndalama ya gaidi ikanatha kugula mpunga wa masiku awiri, popeza njira zake n'zooneka. Maganizo amenewa sitigwirizana nawo, ndipo pano tiima nji. Ku Mulanje kuli chiperoni, nkhungu yozizira yosakanikirana ndi mvula yowaza, imene imachokera mbali ya ku Mozambique makamaka m'miyezi yozizira. Ikatsika, munthu saona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo pake, miyala imaterera, ndipo zovala zikanyowa kuzizira kumalowa m'mafupa msanga. M'chaka cha 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanabwerere. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira kwambiri ndiponso wozolowera maulendo, anasiya gaidi wake m'munsi n'kukwera yekha. Thupi lake linapezeka patadutsa masabata oposa awiri. Safunsa anadya phula. Ife tikutenga ana a anthu, ena a iwo sanagonepo kunja kwa mudzi wawo, ndipo mayi aliyense amene asaine chikalata cholola mwana wake akuyembekeza kumuona akutsika minibasi pa Boma pano.

Agogo athu amati Sapitwa ndi kumalo kwa mizimu, ndipo amasimba kuti woyenda m'phirimo angathe kupeza chakudya chokonzakonza, chimene ayenera kudya osaitana mnzake. Sitikupita kukayesa nkhani zimenezi, komanso sitikupita kukaziseka. Magaidi ambiri ndi ana a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo; akanena kuti pano musafuule, tisafuule. Ndi mlendo wanji amene amalowa m'nyumba ya mwini n'kuyamba kunyoza makolo ake?

Dongosolo lathu ndi la masiku atatu, m'mwezi wa Ogasiti sukulu zili pa tchuthi. Tsiku loyamba tidzakwera kuchokera ku Likhubula kukagona ku nyumba ya Chambe, ulendo wa maola atatu kapena anayi kwa anthu oyenda bwino, ngakhale kuti ife ndi katundu wathu tidzapitirirapo. Tsiku lachiwiri tidzaoloka kupita ku nyumba ya Chisepo, imene ili m'tsinde mwa Sapitwa. Nyumba zimenezi zili ndi mlonda ndi malo osonkhapo moto, koma mulibe sitolo kapena magetsi. Ufa, usipa, soya, mchere, shuga ndi machesi tidzanyamula tokha, pamodzi ndi mabulangeti awiriawiri, juzi, tochi ndi pulasitiki wokutira zovala. Nsapato zikhale zimene phazi linazizolowera kale. Zatsopano zimatupitsa matuza, ndipo masilipasi atsale kunyumba.

Pali chinthu china chimene tidzakumana nacho panjira, ndipo ndi bwino tikonzekeretu mitima. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene m'chilengedwe chake umamera m'phiri limeneli lokha padziko lonse, ndiponso umene uli mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwagwira, n'chifukwa chake ocheka matabwa anaulondola mpaka m'zigwa zovuta kufikako. Kafukufuku wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akudzala mbande zambiri, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo moto umodzi wa wosaka mbewa umatha ntchito ya zaka zambiri tsiku limodzi. Mwina tidzapatukirana ndi anyamata a msinkhu wathu atasenza matabwa kapena makala pamutu, akutsika potsetsereka opanda nsapato. Tidzawapatsa moni, pakuti njala imene yawakweza phiri timaidziwa nafenso. Koma timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene timagulitsidwa kwa alendo ife sitidzagula, ngakhale mtengo utatsika chotani.

Tisayese kuti zimenezi n'za anthu a ku Mulanje okha. Madzi a mtsinje wa Likhubula amayenda m'mapaipi mpaka ku Nguludi, m'boma lathu lino, kumene amayeretsedwa kuti anthu amwe. Ndipo ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba kuno ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, sitifunika wotiphunzitsa zimene madzi amachita akapeza phiri lometedwa.

Funso limene latsala ndi la Sapitwa mwini wake. Kuchokera ku Chisepo kukafika pansonga ndi kubwerera pamatenga pafupifupi tsiku lonse, ndipo malo ena munthu amakwawa ndi manja pathanthwe loterera kapena kupyola pansi pa miyala ikuluikulu. Masiku atatu sakwanira kuchita zimenezi ndi gulu lalikulu, choncho ulendo uno tidzathera pa Chisepo, tidzaiona nsongayo ndi maso, n'kutsika tsiku lachitatu. Tikudziwa kuti anyamata ena akhumudwa. Amene akufunitsitsa adzapita ulendo wina m'kagulu kochepa, ndi tsiku lina lapadera loyembekezera nyengo. Pakadali pano, Loweruka lililonse mpaka Ogasiti tizikumana m'mamawa kukwera phiri lathu la Chiradzulu, aliyense atabereka chikwama chimene adzanyamule ku Mulanje, chodzaza monga momwe chidzakhalire tsikulo.