Kumbuyo kwa Citini

Amalume anga sakamba undercoat, amakamba andakoti. Primer kwa iwo ni pulaima, turpentine ni tapentaini, sandpaper ni sanipepa. Anayamba kupenta nyumba za anthu mu Lusaka ine nikalibe kubadwa, koma sukulu analekezela Grade 5. Nitatsiliza Grade 12, amai ananituma kuti nizikawanyamulila lada na mabaketi m'malo motandala pa kona na anzanga. Kwa miyezi itatu ninayenda nawo ku Chilenje, ku Woodlands na ku Chelstone. Nikawamva akuuza mwini nyumba kuti "apa pafunika andakoti", ninali kuyang'ana kumbali kubisa kuseka. Mumtima ninali kuti cizungu ca pa citini ine nicidziwa kuposa mdala uyu.

Ife tikhala mu Kanyama. Amene anakhalako adziwa kuti pansi pathu ni mwala, ndipo mvula ikagwa madzi sakhala na kopita. Amaima m'mayadi na m'njila, anthu n'kumadumpha pa mabuloko popita ku nchito. Caka cimeneco amai analandila cilimba ku msika wa Soweto kumene agulitsa matimati na anyezi, ndipo ndalama zonse anaziika pa kuwonjezela cipinda cocezela kutsogolo kwa nyumba. Alongo anga aakulu anali atapeza wowakwatila, ndipo akucimuna anati adzabwela mu December kudzakambilana za malowolo. Amai sanafune kuti anthu aulemu adzakhale pansi pa mtengo wa mango mvula ili kugwa.

Omanga anatsiliza pulasitala kumapeto kwa October. Amalume atabwela kudzaona, sanayang'ane cabe. Anaika kumbuyo kwa dzanja pa cipupa, pamwamba na pansi, ngati mai amene apima mwana thupi.

"Alongo, cipupa ici cikali na madzi mkati," anauza amai. "Cisiyeni mwezi wathunthu, olo kupitililako. Cikauma tiikepo pulaima ya pulasitala, pamwamba pake PVA makoti awili."

Mawa lake ananyamuka kupita ku Kafue kumene anapeza ganyu ya masabata asanu.

Usiku amai anawelenga ndalama zotsala pa thebulo. Za pulaima na PVA pamodzi sizinakwane. Komanso kuyembekeza mwezi kunatanthauza kupenta mvula itayamba kale. Apa m'pamene ninatsegula pakamwa.

"Amai, pulaima ni nzelu za a hadiweya kuti munthu agule matini awili. Penti ni penti. Nipatseni ndalama, Sondo ikafika cipinda cidzakhala catha."

Ananiyang'ana kwa kanthawi, kenako anamasula nsonga ya citenje. "Iwe ndiwe unaphunzila," anatelo.

Ninapita ku Kamwala. Mnyamata wa mu shopu ananifunsa ngati penti nifuna ni ya citsulo, ya mapulanga olo ya cipupa. Ninamuyankha m'cizungu kuti asanifunsenso zambili. Ninasankha gloss enamel ya mtundu wa kilimu, cifukwa pa mau onse olembedwa pa matini, gloss ndiye ninali kulidziwa bwino, kuti ni kuwala. Ninafuna kuti alendo akalowa adzione nkhope pa cipupa. Sininakumbukile kuti m'nyumba zonse za ku Woodlands zimene tinapenta, gloss tinali kuika pa zitseko, pa mafelemu na pa zitsulo za pa mawindo cabe.

Ninapenta masiku awili pa pulasitala ya masabata awili. Cipinda cinawala zoona. Azimai oyandikana nafe anabwela kudzasuzumila, ndipo wina anauza amai kuti muli na mwana. Amai anapacika makatani atsopano. Ine ninajambula na foni n'kuika pa WhatsApp.

Mvula inayamba kumapeto kwa November. Poyamba ninaona tumatuza pafupi na pansi, ngati munthu amene wapsa na madzi otentha. Nitaboola kamodzi na cala panatuluka madzi otelela. Patapita sabata penti inayamba kunanda, kumata zala, ndipo m'makona inali kusupuka ngati khungu la mbatata yophika. Pamene inasupuka panamela zoyela ngati mcele. Kunatsala masiku asanu na anai kuti alendo abwele. Amai sananikalipile. Anacotsa makatani, anawapinda bwino, n'kuwabweza m'sutikesi. Ninalakalaka akananimenya cabe.

Amalume anabwela pa Ciwelu. Anazungulila cipinda osakamba kanthu, kenako anatembenuza baketi n'kukhalapo.

"Citini ukali naco?"

Ninakacitenga kuseli kumene tinayamba kale kutungila madzi osambila.

"Welenga kumbuyo, mokweza. Maso anga analeka tuzilembo tung'onotung'ono."

Miyezi yonse ija ninali kuwelenga kutsogolo kwa matini, kumene kuli dzina na mtundu. Kumbuyo sininayang'aneko olo kamodzi. Ninayamba na mau aakulu a pamwamba, surface preparation. Ninawachula bwino kwambili, monga m'kalasi.

"Ndiye kuti ciani?" anafunsa.

"Kukonza malo."

"Kukonza bwanji?"

Ninakhala cete. Iwo anaŵelengela pa zala: kupala penti yakale na sikilepa, kutseka ming'alu na fila, kukwecha na sanipepa, kupukuta fumbi na mafuta, na kuona ngati cipupa cauma. Anati m'nchito ya masiku asanu, masiku atatu ni amenewo, bulashi imabwela kothela.

Ninafika pa liu lakuti cure. Ku sukulu cure ni kucilitsa wodwala, ndipo ninatelo. Anaseka koyamba tsiku limenelo. Anati simenti siuma monga nsalu pa waya. Imalimba pang'onopang'ono ikugwilana na madzi, n'cifukwa cake omanga amathilila mabuloko na silabu, ndipo pamatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amaiŵelengela. Madzi otsala afunika njila yotulukila. Ine ninawatsekela na penti ya mafuta, imene ikauma imakhala ngati pulasitiki, ndiye anakankha mpaka anaitukula.

Liu lotsatila linali alkali. Ili linali mu Chemistry, ndipo ninakhoza nalo mayeso, koma sininaganizepo kuti lingakhale m'cipupa ca amai. Amalume sanali kulidziwa. Iwo amati simenti yatsopano ni yaukali, ndipo ananionetsa m'manja mwao mmene inawadyela khungu pa zaka zonsezi. Ninawauza kuti ukali umenewo ni wofanana na wa soda yopangila sopo. Anaomba m'manja.

"Ndiye cifukwa cake imatelela!"

Mafuta a mu penti akakumana na ukali wa simenti pali cinyontho, amasanduka ngati sopo. Usiku ninafufuza pa foni n'kupeza kuti dzina lake ni saponification. Mcele woyela uja ni efflorescence, umene madzi amatulutsa m'mabuloko n'kuusiya pamwamba akauma. Pulaima ya pulasitala, imene ninaicha cinyengo, nchito yake ni kupilila ukali uja na kugwila cipupa kuti penti ya pamwamba ipeze pomata.

Tinapitiliza conco mpaka pansi pa citini. Pa substrate tonse awili tinaima, mpaka tinaona kuti pambuyo pake achula pulasitala, citsulo na mapulanga. Ni cinthu cimene upentapo, ndipo ni funso lomwe lija mnyamata wa ku Kamwala ananifunsa. Touch dry ni pamene ungakhudze osadetsa cala, koma recoat ni nthawi imene ufunika kuyembekeza ukalibe kuika koti ina, ndipo ya gloss nthawi zambili ni mpaka mawa lake. Spreading rate ni malo amene lita imodzi ingakwanile. Amalume amapima na maso, koma ananiuza kuti nicite samu. Cipinda cathu ni mamita 4 uku na uku, kutalika mamita awili na hafu, ndiye zipupa zonse ni masikweya mita 40, tikalibe kucotsako citseko na windo. Ngati citini cikamba 8 pa lita, koti imodzi ifuna malita 5, makoti awili malita 10. Aka kanali koyamba samu ya ku sukulu kunigwilila nchito.

Alongo anga anabwela na nzelu yakuti tigule wallpaper tibise zonse. Amalume anakana. Anati pepa pa cipupa conyowa imamela nkhungu kumbuyo n'kugwa yokha, monga manyuzipepa amene tinali kumata na phala m'cipinda cakale. Anati tipale gloss yonse, tiike laimu.

"Laimu ya pa mitengo na m'zimbudzi?" amai anafunsa, mau ali pansi.

"Iyo yomwe, alongo. Ni yochipa, siopa simenti, ndipo cipupa cimapuma. Mvula ikatha tidzapenta bwino."

Ninapala masiku atatu mpaka zala zinacita matuza. Amalume anasungunula laimu m'dilamu, tinapaka kawili na bulashi yaikulu. Ikali yonyowa inaoneka yotuwa, ine mtima unali m'mwamba, koma itauma cipinda cinayela mbee. Alendo anabwela, anakhala, anakambilana, ndipo nkhani inayenda bwino. Potuluka, nkhoswe wa akucimuna anali na mzele woyela pa msana wa jekete cifukwa cotsamila cipupa. Palibe anamuuza. Amai anatembenukila kukhichini mapewa akugwedezeka.

Madzulo amenewo ambuya, amene anabwela kucokela ku Katete kudzaona mwambo, ananifunsa cimene cinacitika. Nitawafotokozela anapukusa mutu. Anati olo kumudzi munthu sazila nyumba imene wamata dzulo. Uyembekeza dothi liume, ling'ambike, utseke ming'alu, ndiye ubwele na mtsilo na mwala wosalala. Zimene zinalembedwa kumbuyo kwa citini m'cizungu covuta, ambuya anali kuzidziwa m'Cinyanja kucokela ali mtsikana.

Ici n'cimene cimaniŵaŵa mpaka lelo. Amene amagula penti na ndalama za cilimba ndiye amene sangakwanitse kugula kawili, koma malangizo ali m'tuzilembo tung'ono, m'mau amene olo wa Grade 12 amangochula osamva. Ndipo ife amene tinapitako ku sukulu timacita manyazi kufunsa. Timaopa kuti mnyamata wa mu hadiweya adzationa ngati a kumudzi. Safunsa anadya phula, ine ninadyetsa amai anga.

Mu June, kutauma, tinakwecha laimu yonse, cifukwa penti siigwila pa laimu. Tinaika pulaima, kenako PVA makoti awili. Ndalama zinacokela m'maganyu anga. Kucokela nthawi imeneyo nili na kabuku kamene nimalembamo mau a nchito, uku cizungu ca pa citini, uku mmene amalume amachulila na mmene amafotokozela. PVA ni ya madzi, umasungunula na madzi ndipo bulashi umatsuka na madzi. Enamel ni ya mafuta, ifuna tapentaini. Mathinazi ni aukali kuposa tapentaini, amapita kwambili ku penti yofaila na makina, ndipo sufunika kuwaseŵenzetsa m'cipinda cotseka. Matt siwala ndipo imabisa mabampu a pulasitala, silk imawala pang'ono ndipo imapukutika, gloss imaulula ciliconse cimene womanga analakwitsa. Red oxide ni pulaima ya citsulo, imene imaletsa nguwe pa geti na pa mawindo. Andakoti imakhala pakati pa pulaima na gloss. Pa sanipepa, nambala yaing'ono monga 80 ni yokakala, yaikulu monga 220 ni yosalala. DPC ni pulasitiki yakuda imene omanga amayala pansi pa mzele woyamba wa mabuloko kuti cinyontho cisakwele, ndipo mu Kanyama woiŵala imeneyo adzapenta caka na caka.

Pali na lead free, kutanthauza kuti mulibe mtovu. Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa zambili za mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali kudwalitsa ana. Penti zina zakale za mafuta zinali nawo, n'cifukwa cake tikamakwecha zitseko zakale timanyowetsa, timamanga pamphuno, ndipo ana timawathamangitsa.

Sabata yatha mnzanga wa mu Chawama ananiitana kuti nikaone shopu imene wamanga. Anali atagula kale matini awili, afuna kutsegula pa 1. Ninaika kumbuyo kwa dzanja pa cipupa. Cinali cozizila.

"Mwana, cikali na madzi ici," ninamuuza. "Yembekeza. Ndipo pa citseko apo pafunika andakoti."

Ananiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali. Ninaona kuti abisa kuseka. Ninatembenuza baketi, n'kumuuza kuti abweletse citini.