Ku Germany amawerenga mabotolo, koma za Madjermani sanamalize

Munthu wochoka ku Milange kupita ku Germany njira yake yachidule ndi yodzera ku Malawi. Amadinditsa pasipoti pa Melosa, n'kuwoloka mtsinje kulowa pa Muloza, kenako amakwera minibasi yodutsa m'minda ya tiyi ya ku Mulanje mpaka ku Limbe ndi ku Chileka. Ndege imakamutula ku Addis Ababa usiku, ina n'kumunyamula, ndipo kukamacha amakhala ali ku Frankfurt, phiri la Tumbine litatsala m'mbuyo makilomita oposa 7,000. Zonsezi zimatheka ngati viza wapeza, ndipo za viza ndi nkhani ina yaitali.

Dzina la dzikoli si lachilendo muno m'Mozambique. Achikulire amakumbukira malole a IFA amene ankanyamula asilikali ndi chimanga m'zaka za nkhondo. Amakumbukiranso anyamata amene anabwerako mu 1990 atavala majekete achikopa, akulankhula chinenero chachilendo, ena ali ndi njinga zamoto za MZ. Anthu anawatcha Madjermani, ndipo dzinali linawakanirira mpaka lero. Kuchokera m'nkhani zawo anthu ambiri anaphunzira kuti Germany ndi dziko la makina, kumene chilichonse chimayenda m'nthawi yake ndipo palibe chowonongeka. Zina mwa izi n'zoona, zina mlendo amakaziona mosiyana.

Chimene amayamba kuona ndi mwambo. Pamsewu, nyali ikayaka yofiira anthu oyenda pansi amaima, ngakhale pasaoneke galimoto ndi imodzi yomwe, ndipo wowoloka dala pamaso pa ana amadzudzulidwa ndi nkhalamba yosamudziwa. Zinyalala sazitaya pamodzi: mapepala ali ndi mgolo wake, mapulasitiki wake, zotsala zakudya wake, ndipo mabotolo agalasi amawasiyanitsa potengera mtundu. Botolo la pulasitiki la chakumwa likatha salitaya. Pogula amalipira masenti 25 owonjezera, amene amawatcha Pfand, ndipo ndalamayo amaibweza munthu akabwezera botolo m'makina a pa sitolo. Ndi mameticais oposa 15 pa botolo limodzi. Munthu wa galimoto lapamwamba amaima pamzere ndi thumba la mabotolo osachita manyazi. Amene alibe nthawi amasiya botolo pambali pa mgolo kuti osauka adzatole, poti nako osauka aliko, ena a iwo nkhalamba zolandira penshoni yosakwanira.

Lamulungu masitolo amatseka, kupatula a pa siteshoni za sitima ndi pomwetsera mafuta. Tsiku limeneli kukhoma misomali kapena kutchetcha udzu ndi makina n'kuputa mlandu ndi oyandikana nawo nyumba. Mlendo wa ku Milange, wozolowera phokoso la pa Feira da Amizade ndi mabelu a akabaza, angaganize kuti m'mudzimo mwagwa maliro.

Tsono chodabwitsa chimabwera pogula buledi. Kuno mayi wogulitsa nandolo amalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo akawoloka pa Muloza amadziwanso za Mpamba ndi Airtel Money. Ku Berlin, likulu la dziko la chuma chachikulu kuposa onse a ku Ulaya, kukadali timasitolo ta buledi ndi mabala okhala ndi chikwangwani pakhomo chonena kuti amalandira ndalama zogwirika zokha basi. Banki yaikulu ya dzikolo, Bundesbank, inapeza kuti mu 2023 theka la zogula zonse anthu analipira ndi ndalama zapamanja. Zikusintha, makamaka chiyambire mliri wa Covid, koma zikusintha mwakachetechete.

M'maofesi a boma ndiye muli mapepala okhaokha. Munthu akasamuka nyumba ayenera kukalembetsa pasanathe masabata awiri, ndipo ambiri amapitabe okha ku ofesi ndi kalata yosainidwa ndi mwini nyumba. Mayankho amabwera pa positi, m'envulopu. Makina a fax, aja otumiza chithunzi cha kalata kudzera pa waya wa telefoni, amene ana a masiku ano kuno sanawaonepo, kumeneko akadali m'zipatala ndi m'maofesi ambiri. Mu 2020, mliri uli pachimake, maofesi ena a zaumoyo ankalandira ndi kutumiza maina a odwala pa fax, wina n'kumawalembanso pa kompyuta ndi manja. Ili ndi dziko lopanga Mercedes ndi BMW, dziko limene makina ake amagulidwa ndi mafakitale a padziko lonse.

Wina angati ndi umbuli, koma ayi. Ajeremani ali ndi chifukwa chawo choopera chilichonse chosunga mbiri ya munthu. M'nthawi ya Hitler boma linagwiritsa ntchito kaundula posaka anthu oti liwaphe. Pambuyo pake ku East Germany kunali apolisi achinsinsi otchedwa Stasi, amene ankatsegula makalata a anthu, kumvetsera matelefoni ndi kulemba ntchito oyandikana nawo kuti azizonda anzawo. Mpaka lero munthu angapemphe kuwerenga faelo yake ndi kudziwa amene ankamunenera, ndipo ena anapeza kuti anali mwamuna kapena mkazi wawo. Ndalama yapamanja siuza munthu kumene yapita. Kampani ya Google itajambula misewu ya m'mizinda yawo, mabanja oposa 240,000 anapempha mu 2010 kuti nyumba zawo zibisidwe pa zithunzizo. Amene anayendapo ndi guia de marcha m'thumba, kupempha chilolezo kuti akaone mbale wake ku Mocuba, sangawaseke kwambiri anthu amenewa.

Kuchoka ku Frankfurt kupita ku Berlin ndi ulendo wa maola anayi pa sitima yothamanga, ngati yafika m'nthawi yake. Apa ndi pamene nkhani za Madjermani zinakalamba. Mu 2024, mwa sitima khumi zoyenda maulendo ataliatali pafupifupi zinayi zinachedwa, ndipo kudandaula za sitima kwasanduka moni wa Ajeremani. Njanji ndi milatho zinakhala zaka zambiri osakonzedwa chifukwa boma linkaumira. Mu September chaka chomwecho mbali ya mlatho wa Carola mumzinda wa Dresden inagwera mumtsinje wa Elbe usiku. Mwamwayi panalibe munthu pamlathopo.

Koma boma loumira lomwelo limadziwa kutaya ndalama, ndipo umboni wake uli kummwera kwa Berlin, pamalo otchedwa Schönefeld. Mu 2006 anayamba kumangapo bwalo latsopano la ndege, lotchedwa dzina la Willy Brandt, ponena kuti lidzadya ma euro pafupifupi 2 biliyoni ndipo lidzatsegulidwa mu 2011. Tsikulo linasunthidwa kufika pa 3 June 2012. Matikiti anagulitsidwa, ogulitsa m'masitolo a m'bwalomo analembedwa ntchito, alendo olemekezeka anaitanidwa. Patatsala masabata osakwana anayi akuluakulu analengeza kuti sizitheka, chifukwa makina otulutsa utsi pakabuka moto sankagwira ntchito. Atayamba kufufuza anapeza zolakwika zikwizikwi: mawaya opiringizana, zitseko zolembedwa manambala olakwika, masitepe oyenda okha amene anali aafupi. Panali nthawi imene magetsi ankayaka usana ndi usiku m'nyumba yopanda anthu chifukwa amisiri sankatha kuwazimitsa. Sitima yopanda munthu inkayendetsedwa kudutsa pa siteshoni ya pansi pa bwalolo kuti muzipita mphepo, musachite nkhungu. Mu 2018 makanema 750 osonyeza nthawi za ndege anachotsedwa atatha mphamvu, asanasonyezepo njira kwa wapaulendo ndi mmodzi yemwe. Bwaloli linatsegulidwa pa 31 October 2020, patapita zaka zisanu ndi zinayi kuchokera pa tsiku lolonjezedwa, litadya ma euro oposa 6 biliyoni, ndipo linatsegulidwa mkati mwa mliri, anthu asakuyenda.

Si lokhali. Nyumba ya nyimbo ya Elbphilharmonie ku Hamburg, imene poyamba anati mzindawo udzalipira ma euro 77 miliyoni, inatsegulidwa mu 2017 itadya oposa 800 miliyoni. Pafupi ndi tauni ya Euskirchen pali mlatho umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pakati pa minda, msewu wake osabwera mpaka lero, ndipo milatho yotere ilipo ingapo moti anaipatsa dzina lotanthauza kuti ingokhala pomwepo. Chabwino chake n'chakuti zinthuzi sazibisa. Bungwe la okhoma msonkho, Bund der Steuerzahler, limatulutsa buku chaka chilichonse lotchula ntchito zimene zawononga ndalama za anthu, malo ake ndi mtengo wake, ndipo nyuzipepala zimazilemba popanda wotsekeredwa. Buku lotere likadakhalapo kuno, masamba ake sakadasowa. Ndi bwinonso kunena kuti msewu wa tala wa Milange kupita ku Mocuba unamangidwa ndi thandizo la European Union, kumene Germany ndiye amasonkha zambiri kuposa maiko ena onse. Wogulitsa chimanga wa kuno amayenda pa msonkho wa Mjeremani.

Malo aja a Schönefeld ali ndi mbiri ina imene apaulendo ambiri saidziwa. Bwalo latsopanoli linamangidwa moyandikana ndi bwalo lakale la East Germany, ndipo pabwalo lakalelo ndi pamene ndege zochokera ku Maputo zinkatera. Pa 24 February 1979, mtsogoleri wa dzikolo Erich Honecker ali ku Maputo kwa Samora Machel, maboma awiriwa anasainirana pangano lotumiza achinyamata kukagwira ntchito ndi kuphunzira luso. M'zaka khumi zotsatira anapita anthu pafupifupi 17,000 ochokera m'zigawo zonse, Zambezia yomwe. Ambiri anali asanakwane zaka 25, ndipo anali asanaonepo chisanu choundanitsa madzi. Anagwira ntchito m'migodi ya malasha, m'mafakitale a nsalu, mophera nyama ndi mopanga malole. Ankagona m'mahositelo okhala ndi mlonda pakhomo, angapo m'chipinda chimodzi. Mtsikana akatenga mimba ankauzidwa kuti asankhe, kuchotsa kapena kubwerera kwawo. Ngakhale zinali choncho, ambiri amazikumbukira zakazo mokondwa: anali ndi malipiro, ankavina Loweruka, ankadya nyama pamene kwawo kunali nkhondo ndi njala. Ena anasiyako ana, amene mpaka lero akufunafuna abambo awo.

Pa malipiro awo ankadulapo gawo, poyamba 25 pa 100 iliyonse, kuyambira 1986 mpaka 60 pa 100 ya ndalama zopitirira mamaki 350. Anawauza kuti ndalamazo zikutumizidwa kwawo ndipo adzazipeza pobwerera. Chimene sanawauze n'chakuti East Germany inkazigwiritsa ntchito pochotsera ngongole imene boma la Mozambique linali nayo. Thukuta la mnyamata wa pamgodi linkalipira ngongole imene iye sanatenge.

Khoma la Berlin linagwa pa 9 November 1989, ndipo pa 3 October 1990 maiko awiri a Germany anakhala limodzi. Mafakitale a kummawa anatsekedwa motsatizana, ndipo oyamba kuchotsedwa ntchito anali alendo. M'misewu munabuka magulu odana ndi anthu akuda. Mu 1991 Jorge Gomondai, wogwira ntchito mophera nyama ku Dresden, anamwalira atagwa m'sitima ya mumzinda imene gulu lotere linamuukiramo, ndipo lero kuli bwalo lotchedwa dzina lake. Mu September chaka chomwecho ku Hoyerswerda anthu anagenda hositelo ya a ku Mozambique kwa masiku angapo mpaka apolisi anawasamutsa pa mabasi.

Ambiri anali atabwerako kale. Anatumiza mafiriji, mawailesi a kanema ndi makina osokera m'makontena, koma anafikira m'dziko limene nkhondo inali isanathe. Wa ku Milange sakadapeza kwawo kwenikweni: tauniyi inalandidwa ndi Renamo mu 1986, boma linaitenganso mu 1988 ili mabwinja, ndipo abale ambiri anali m'misasa ya othawa nkhondo ku Mulanje. Masatifiketi a Chijeremani analibe wowawerenga. Katundu uja anagulitsidwa mmodzimmodzi kuti agule ufa. Atapita ku unduna wa zantchito kukafunsa ndalama zawo, ena analandira zochepa, ena anauzidwa kuti adikire.

Paja akuluakulu anati mlandu suola. Kwa zaka zoposa 30 Madjermani akhala akusonkhana pa Jardim 28 de Maio ku Maputo ndi kuguba Lachitatu, atanyamula mbendera za Germany ndi mapepala awo akale a malipiro. Mu 2004 analowa mu ofesi ya kazembe wa Germany ndipo anakhalamo masiku angapo. Boma la Mozambique linaperekako ndalama zina m'magawo, zimene iwo amati sizifika pa zomwe anadulidwa. Boma la Germany limati mbali yake linamaliza, poti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linapereka mamaki pafupifupi 75 miliyoni ku boma la Maputo, ndiye zotsala akafunse kwawo. Pa mapepala mwina zili choncho. Koma amene anakonza zoti malipiro azilowa m'ngongole anali maboma onse awiri, ndipo ogwira ntchitowo sanafunsidwe. Mu February 2019 ku Magdeburg kunachitika msonkhano umene unapempha kuti nkhaniyi itsegulidwenso, ndipo mu 2021 akatswiri a mbiri yakale ndi ophunzira ena analembera boma lawo kalata yopempha chipukutamisozi.

Anyamata amene anatera pa Schönefeld ali ndi zaka 19 kapena 20 lero ali m'zaka za m'ma 50 ndi 60, ndipo ambiri anamwalira akudikira. Nyumba yakale imene analowera m'dzikolo inaphatikizidwa ku bwalo latsopano n'kutchedwa Terminal 5. Inagwira ntchito miyezi inayi yokha, ndipo mu February 2021 anaitseka.