Kalata kwa Azakhali, Kuchokera ku Manchester

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi onse ku Dedza. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu chayamba.

Ndalembera inu chifukwa mwakalambira pa uzamba, ndipo chimene chikundisowetsa tulo ndi cha m'manja mwanu. Kufupi ndi kuno kuli tauni ya Oldham, kumene mu 1978 kudabadwira Louise Brown, mwana woyamba amene dzira la mayi ake ndi mbewu ya bambo ake zidakumanizidwa ndi madokotala kunja kwa thupi. Njira imeneyi, ya IVF, yapukuta misozi amayi ambiri amene kwathu bwenzi akulozedwa zala kuti ndi chumba. Pamenepo ndimathokoza Mulungu.

Koma kawirikawiri madokotala sapanga mluza umodzi. Amapanga ingapo, umodzi n'kuika m'chiberekero, yotsalayo n'kuiumitsa m'mathanki ozizira koopsa. Kuyambira 2022 lamulo limalola kuisunga mpaka zaka 55, bola eni ake azivomerezanso pakatha zaka 10 zilizonse.

Mnzanga wina wa kumpingo ali ndi ana awiri obadwa mwa njirayi. Adandionetsa fomu yochokera kuchipatala, yomufunsa za miluza yake yotsala: aisungebe, apatse banja lina, apereke kwa ofufuza, kapena ailole ife. Cholembera chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe, ankangoti, "Awatu ndi abale a ana anga."

Lamulo la kuno la 1990, lotsatira lipoti la Mary Warnock la 1984, limalola kufufuza pa mluza mpaka masiku 14, nthawi imene thupi limayamba kuyalidwa ndipo mluzawo sungagawikenso kukhala mapasa. Nzeru yake ndikuimva. Koma mtima wanga ukukana kuti tsiku la 13 pamakhala palibe kanthu.

Kwathu mayi akapita padera simulengeza maliro, ndipo amuna safikapo. Komatu simukataya kudzala. Inu amayi akuluakulu mumanyamula mwakachetechete, kukakwirira mosamala, n'kubwerera kudzasamala mwini wakeyo. Mumadziwa kuti chapitacho sichidafike pokhala munthu wa dzina, komabe ndi magazi athu. Kuno zonsezi zasanduka bokosi loti uchongemo uli wekha patebulo.

Chonde ndiuzeni mawu amene mumamuuza mayi pa nthawi yotereyi. Sitimusankhira mnzathuyu, koma amayi a kumpingo tagwirizana kuti tsiku losaina tidzakhale naye. Muuzeni mwana wa achimwene akujambuleni mawu pa WhatsApp.

Ndine mwana wanu,
wa ku Manchester