Nyumba imaulula kumene mmisiri anayenda

Mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, ambiri a inu muyamba kuumba njerwa, ndipo ndalama za fodya, za mbatatesi kapena zimene watumiza mwana wa ku Joni mudzazipereka m'manja mwa mmisiri. Ndalama yotere siibwera kawiri. N'chifukwa chake lero ndati tikambirane za amisiri omanga nyumba, makamaka za kumene amatenga nzeru zawo.

Ntchito yanga ya pa wailesi imandiyendetsa kawirikawiri pa msewu wochoka ku Moatize kukwera ku Zóbuè, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo pokhala munthu wosagona m'galimoto ndinazolowera kuyang'ana nyumba. Mmisiri wa kwathu kuno sabwera ndi pulani ya papepala. Amabwera ndi chingwe ndi zikhomo, n'kulemba zipinda pansi ndi kamtengo, mwini nyumba ataimirira pambali. Pulani ili m'mutu mwake, ndipo inalowamo kudzera m'maso, m'malo amene iye anakhalako kapena kugwirako ganyu.

Mukafuna kudziwa sukulu yake, ingomverani mawu ake. Wa ku Moatize amayeza ndi mamita ndipo amanena za viga, pilar ndi reboco, mawu a Chipwitikizi. Wa ku Zóbuè amayeza ndi mafiti ndi mainchesi, amanena za lintala, fulemu ndi pulasitala, ndipo malata amawatchula ndi geji ngati ali m'sitolo ya ku Mwanza. Amalume anga ndi a gulu lachiwirili. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980 anawoloka malire pamodzi ndi anzawo, pa nthawi imene anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Kumeneko anayamba ndi kuponda dothi ndi kupatsira njerwa, kenaka anagwira chipande cha simenti. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera m'zaka za 1993 ndi 1994 n'kupeza mabwinja okhaokha. Katundu wa amalume anali wochepa: chikombole cha njerwa, levulo, ndi chithunzi cha nyumba ya ngodya zinayi chimene chinali m'mutu mwawo, ya khonde la nsanamira ziwiri kutsogolo, balaza pakati, zipinda uku ndi uku, pansi pa simenti yofiira. Yendani m'midzi ya kufupi ndi malire muwerenge nyumba zotere. Mutopa.

Komatu Malawi si mphunzitsi woyamba. Makolo athu anali ndi nyumba yozungulira, yomata, ya denga la udzu lotsika mpaka kuphimba khoma kuti mvula isalinyambite. Apwitikizi atafikitsa njanji ku Moatize mu 1949 chifukwa cha malasha, anthu anaona nyumba za makhonde aakulu ndi madenga aatali, ndipo ku Zóbuè anaona zipupa za seminale. Midzi imene atsamunda anasonkhanitsamo anthu pa nthawi ya nkhondo ya ufulu, ndi midzi ya pamodzi imene inabwera pambuyo pa 1975, inatiphunzitsa kumanga mondondozana m'mizere. Tsopano kwabwera Joni ndi foni. Mnyamata amatsegula Facebook n'kuonetsa mmisiri chithunzi: mpanda wautali, galaja ngakhale njinga yokha alibe, ndi denga lobisika kuseri kwa khoma.

Ine sindidana ndi kutengera. Nkhawa yanga ndi yakuti chithunzi sichinena za nyengo ya kumene chinajambulidwa. Ku Moatize ndi kuchigwa, dziko la tsanya, malambe ndi masawu, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mukamanga kumeneko nyumba yaifupi, ya malata opanda siling'i ndi timazenera tiwiri, mwamanga uvuni, ndipo banja lonse lizigona panja pa mphasa, udzudzu ukuchita phwando. Kumeneko kumafunika khoma lalitali, mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, timabowo ta mpweya pamwamba, ndi khonde lalikulu kumbali yolowera dzuwa. Vuto lina n'lakuti fumbi la malasha limakakamiza amayi kutseka mazenera omwewo, choncho mmisiri wanzeru amayamba wafunsa kumene mphepo imachokera. Ku Zóbuè ndi kumtunda, mvula ndi yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu imakuta phiri. Denga lobisika lija, ngalande zake zikangotsekeka ndi masamba, madzi amatsikira m'khoma ndipo penti imayamba kusupuka chaka chisanathe. Nyumba imodzimodziyo singakhale yabwino konsekonse, ngakhale galimoto imodzi imatifikitsa kuwiri konseku tsiku limodzi.

Nkhani ya ku Cateme tonse tikuidziwa. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale ya ku Brazil inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha, ena kupita ku Cateme, ena ku 25 de Setembro m'tawuni ya Moatize. Nyumba zinali zasimenti ndi malata, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo poziona patali ambiri anasirira. Pasanapite nthawi eni ake anayamba kudandaula za ming'alu, za kudontha ndi za maziko, kuwonjezera pa minda yosabereka ndi kutalika kwa msika. Mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji, ndipo pambuyo pake kampaniyo inayamba kukonza nyumbazo. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za nkhaniyi mu 2013. Vale inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022, koma nyumba zija zikadalipo ndipo anthu akukhalamo. Chimene ine ndimaona ndikapita kumidzi yosamutsidwa n'chakuti eni ake amamalizitsa okha zimene wolemba pulani sanazidziwe: kanyumba ka anyamata pambali, kachisakasa ka mthunzi, khola la mbuzi, malo osinjira. Kwathu kuno munthu amakhala pabwalo, m'nyumba amangolowa kukagona ndi kusunga katundu, ndipo wolemba pulani amene sanakhalepo pabwalo lathu kuyambira m'mawa mpaka madzulo sangadziwe zimenezi.

Musaganize kuti kuphunzira kwa anthu wamba n'kwa osapita kusukulu okha. Pancho Guedes, mmodzi mwa akatswiri otchuka olemba mapulani a nyumba m'dziko muno, anabadwira ku Lisboa mu 1925, anaphunzira ku Johannesburg, n'kumanga nyumba zambiri ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Nyumba yake yotchedwa O Leão Que Ri, kutanthauza mkango woseka, anthu amabwera kudzaiona kuchokera kutali. Munthu ameneyu ankayenda m'madera a nyumba za bango n'kumajambula zitseko zimene amphawi anakongoletsa okha, ankasunga ziboliboli za osema a kuno, ndipo ndiye anapatsa Malangatana malo ojambulira pamene anali mnyamata wosadziwika. Anamwalira mu 2015.

Za m'kati mwa nyumba ndiye za amayi, ndipo nawonso ali ndi kumene amatengera. Kale ankazira pansi ndi makande, n'kulemba maluwa pakhoma ndi katondo, phulusa ndi njereza, ndipo m'midzi ina akuchitabe nyengo ya Khirisimasi ikayandikira. Kenaka kunabwera kabati ya magalasi yoonetsa mbale zimene sizidyeredwa, tinsalu toluka pamipando, kalendala ya ku tchalitchi, ndi makatani ogula kutsidya. Masiku ano mafilimu a ku Brazil a pa kanema abweretsa matailosi ndi khitchini ya m'nyumba momwemo. Ndimaseka ndikaona mipando ya sofa itadzaza balaza mpaka mlendo kumayenda cham'mbali ngati nkhanu, koma limenelo ndi diso la mwini wake.

Chaka chatha amalume anaitanidwa ndi mnyamata wina wobwera ku Joni amene ankafuna kumangira mayi ake nyumba pafupi ndi Zóbuè. Anatulutsa foni n'kuonetsa khitchini ya m'nyumba ndi denga lobisika. Amalume sanatsutse. Anangoti, "Mphwanga, taitana mayi ako, poti okhalamo ndi iwowo." Mayi aja atafika anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, mafuwa ndiika pati? Nanga maliro akagwa, azimayi akhala pati?" Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mapeto ake matailosi analowa pabalaza monga anafunira mnyamata, ndipo penti ndi yomwe ija ya pachithunzi. Denga linatuluka kunja kwa khoma mafiti awiri mbali zonse, khonde linakula, ndipo khitchini inamangidwa kuseri, payokha, khomo lake litayang'ana ku nkhokwe. Galaja anaimangabe, chifukwa mnyamatayo anakana kugonja pamenepo. Panopa mukusungidwa matumba a feteleza.