Tsiku Limodzi ku Lisbon, Kwawo kwa Bakayawo

Msonkhano umene unandipititsa ku Portugal utatha, ndinatsala ndi tsiku limodzi lokha ndiponso ndalama zowerengeka m'thumba. Choncho ndinalawirira kukakwera kasitima kachikasu koyendera magetsi, nambala 28, kamene kamakwera ndi kutsika mapiri a mzinda wa Lisbon. M'dera lakale la Alfama misewu ndi yopapatiza kwambiri, moti kasitimako kamadutsa mokhala ngati kakhula zipupa za nyumba, zovala zoyanikidwa m'mazenera zikulendewera pamwamba.

Kutsikira kuchigwa, kudera la Baixa, misewu ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda wa mlangizi. Pa 1 November 1755, tsiku la Oyera Mtima Onse, anthu ambiri ali m'matchalitchi, chivomezi chinagwetsa mbali yaikulu ya mzindawu, ndipo moto ndi madzi osefukira a mtsinje wa Tejo zinatsiriza zotsalazo. Nduna ya mfumu, Marquês de Pombal, ndi imene inatsogolera ntchito yomanganso deralo.

Nthawi ya nkhomaliro ndinalowa m'kanyumba kena kodyeramo. Pamndandanda wa zakudya panali mawu akuti bacalhau, amene sindinawalabadire mpaka woperekera zakudya atawatchula. Ndinadzidzimuka: si bakayawo ameneyu? Nsomba youma yamchere ija imene tinkaiona m'misika ya kumalire ndi Mozambique, dzina lake linachokera kuno. Chodabwitsa n'chakuti nsomba imene Apwitikizi amainyadirayi sigwidwa m'madzi awo. Yambiri amaigula ku Norway. Amainyika m'madzi tsiku limodzi kapena awiri kuti mchere uchepe. Yanga anainyenyanyenya n'kuikazinga pamodzi ndi anyezi, mazira ndi mbatatesi zodula mopyapyala.

Kuyambira pamenepo makutu anga anatseguka. Batata ndi mbatata, sapato ndi nsapato, carta ndi kalata, bandeira ndi mbendera. Mawu amene agogo anga ankawayesa Chichewa chenicheni anakwera mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi amalonda a ku Sena ndi Tete. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa.

Koma phunziro la tsikulo silinali la mawu okha. Buledi, batala ndi tizipatso ta olivi zimene anaika patebulo ndisanaitanitse, ine ndinaziyesa zolandirira mlendo, ndipo ndinadya zonse mothokoza. Zinadzaonekera pa bilu. Kuno chimene wakhudza umalipira.

Masana ndinapita ku Belém, m'mbali mwa mtsinje, kumene Vasco da Gama ananyamukira mu 1497. Chaka chotsatira anafika pachilumba cha Mozambique. Manda ake ali m'tchalitchi cha nyumba ya amonke ya Jerónimos, yomangidwa ndi miyala yosemedwa mwaluso ngati zingwe za zombo. Chapafupi pali sitolo imene yakhala ikuphika timakeke ta mazira ndi mkaka kuyambira mu 1837. Mzere wake unali wautali, koma kakekeko, kotentha ndi kowazidwa sinamoni, kanayenera kudikirako.

Kutsidya kwa msewu kuli chipilala chachikulu chooneka ngati kutsogolo kwa chombo, chimene chinatsegulidwa mu 1960 pokumbukira amalinyero "otulukira maiko". Pabwalo lake anayala mapu a dziko lonse a miyala ya nsangalabwi, osonyeza zaka zimene Apwitikizi anafikira malo osiyanasiyana. Mapuwo anali mphatso yochokera ku boma latsankho la South Africa, m'chaka chomwecho chimene apolisi ake anapha anthu 69 ku Sharpeville. Alendo anzanga ankaponda pa Africa n'kumajambulitsa. Ine ndinaima pamene panayenera kukhala kwathu. Palibe chaka chimene chinalembedwapo, koma minyanga, golide ndi anthu amene zombozo zinkanyamula pagombe ankachokera kumtunda komweko.

Anthu ena otengedwa ku Africa anafera mumzinda uno. Pobwerera ndinadzera mumsewu wotchedwa Rua do Poço dos Negros, kutanthauza chitsime cha anthu akuda. Mu 1515 Mfumu Manuel I inalamula kuti kukumbidwe dzenje lotayamo mitembo ya akapolo, imene inkangosiyidwa pamtetete. Lero mumsewumo muli masitolo ndi malo omwerako khofi, ndipo kasitima kachikasu kaja kamadutsa momwemo. M'mawa ndinali nditadutsapo osadziwa.

Usiku ndinakwera kudera la Mouraria, kumene kuli malo odyera a anthu a ku Mozambique. Ndinaitanitsa xima ndi matapa, ndiko kuti nsima ndi chigwada chotendera chothira mkaka wa kokonati. Mayi wina wachikulire amene anabweretsa mbale ataona kuti ndakankhira foloko pambali, anandiyang'anitsitsa.

"Kodi achimwene, kwanu n'kuti?" anafunsa m'Chinyanja cha ku Angónia.

"Ku Dedza, amayi."

Anaomba m'manja. Anati pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, imene inatha mu 1992, anakhala zaka zingapo ku Dedza komweko monga othawa kwawo, asanabwere kuno kudzatsata mwana wawo. Anafunsa ngati mbatatesi zimaunjikidwabe pamsewu pa Lizulu. Kenaka analowa m'khitchini, nabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kundithirira kuti ndisambe m'manja. Madzi amenewo sanawalembe pa bilu.