Achemwali, Ndaonera Kwathu pa Kanema

Manchester

Achemwali anga okondedwa,

 Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika pachimake. Pofika 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale, ndipo popita kuntchito m'mamawa ndimanyamukanso kudakali mdima. Ndamva kuti ndalama ya feteleza ija inafika. Mundiuze mmene chimanga chikuonekera kumunda wa kutsidya kwa dambo, komanso ngati denga la nyumba ya malemu amayi lasiya kudontha.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti ndikaweruka kosamala nkhalamba kuja ndimatani ndekhandekha m'kachipinda kano. Pafoni sindiyankha mokwanira poti bandulo yanu imatha tisanafike patali, ndiye ndati ndilembe. Ndimaonera mafilimu, achemwali, ndipo sindionera alionse. Ndimasaka momwe muli dothi lofiira, mitengo ya mango ndi anthu olankhula ngati ife. Za mapepala anga palibe chasintha. Ndikangotuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa, ndipo sukulu ya anawo ikhoza kuima. Ndiye kwathu ndimafikako kudzera pa kanema basi.

Ndinabwerezanso The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019 ija, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Anaijambulira konko, ndipo zimenezi zimaoneka. Msewu wafumbi, zigafa za fodya, njinga zonyamula matumba, gule akutuluka kudambwe kubwera pamaliro: zonsezi n'zathu zenizeni. Pamene William akuyang'anitsitsa dayinamo ya njinga ya aphunzitsi ake, kupukusa gudumu n'kuona nyali ikuyaka, kuliimitsa n'kuona ikuzima, ndinaona mwana wanu wachisamba uja ali wamng'ono, mmene ankaphwasulira wailesi ya alamu. Koma pondipweteka ndi pa njala. Banja likugwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku. Anthu akukanganirana chimanga pamsika wa boma, ena kukwera pamipanda, ena kupondedwa. Inu ndi ine tikudziwa kuti 2002 sanawonjezerepo kanthu. Mukukumbuka amayi akupeta gaga pakhonde, kumupeta kawiri kuti mwina mutsale timisere, ife titakhala chete kudikira? Chimanga chosungira dziko chinali chitagulitsidwa chaka chapitacho, ndipo boma linadzavomera kuti kuli njala mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Filimuyi sinabise zimenezi. Muli ngakhale mfumu ikumenyedwa ndi achitetezo chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa pulezidenti.

Komabe ndili nayo mangawa awiri. Oyamba ndi chilankhulo. Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera n'kusewera ngati bambo a William, anayesetsa kuphunzira Chichewa, ndipo ndikumuyamikira posankha chinenero chathu pomwe akanatha kungoika Chingerezi chokhachokha. Koma iye anakulira ku London, mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo mayi ake m'filimumo, Aïssa Maïga, amakhala ku France. Akamalankhula, mawu ndi athu koma kamvekedwe si kathu, moti penapake ndinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsimo kuti ndimve zimene anena. Akangotsegula pakamwa Lily Banda, amene akusewera ngati mlongo wake wa William, mtima umakhala pansi. Achiwiri ndi mathero. Filimuyi ikuonetsa ngati makina amphepo amene William anapanga anapopa madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala nthawi yomweyo, pomwe m'buku lake William akufotokoza kuti oyambawo anangoyatsa mababu m'nyumba mwawo, zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Anzanga akuntchito amene anaionera amangoti mwana wanzeru, basi nkhani yathera pomwepo. Za amene anafa chaka chimenecho safunsa. Ngakhale zili choncho anawo aionere, makamaka amene akuganiza zosiya sukulu.

Chimene ndikusowa kwenikweni ndi mafilimu opangidwa ndi Amalawi eniake, ndipo kuno savuta pang'ono kuwapeza. Ndinapeza The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, yonena za msodzi wa kunyanja amene nsomba zikumuthera pomwe gombe likudzaza ndi alendo okaona malo. Imayenda pang'onopang'ono, koma nyanja ija ndinaiyang'ana mpaka maso kuwawa. Bambo ameneyu ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, mafilimu amapanga chifukwa chowakonda, ndipo The Road to Sunrise yake ya 2017 ndi imene inakhala yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Imeneyo sindinaipeze, ngakhalenso Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya kamtsikana kogulitsa nthochi m'misewu, ndi Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula. Ngati pali kumene akugulitsa zenizeni, zoti eni ake apezepo kangachepe, mundigulire muike pa fulashi, mudzampatsire aliyense wobwera kuno. Muikemonso za Izeki ndi Jakobo. Onse awiri anatisiya, koma ndikufuna kumvanso anthu akukangana m'Chichewa chopanda chilema. Ngakhale zomasulira za anyamata a m'mavidiyo sho zija, zoti Mtchaina akumenya karate uku akulankhula za ku Mchesi, muikemo imodzi. Anthu ophunzira amazinyoza, koma anyamata amenewa anazindikira kalekale kuti munthu amafuna kumva nkhani m'chinenero chake. Tinkazemba nazo ntchito ya kudimba ife, kupita ku kachipinda ka mdima ka pa Mponela paja, jenereta ikulira kuseri, kukaonera Aki ndi Pawpaw.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Pali mayi wina wopanga mafilimu dzina lake Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka koma anakulira ku Wales. Filimu yake yaitali yoyamba, I Am Not a Witch, ya 2017, ndi ya kamtsikana kamasiye kotchedwa Shula kamene anthu akukanamizira ufiti popanda umboni ulionse. Akukatumiza kumsasa wa amayi okalamba onenedwanso ufiti, aliyense atamangidwa kansalu koyera kakatali kumsana kuti asauluke, ndipo mkulu wina wa boma, bambo Banda, akuyenda nako m'mabwalo amilandu ndi pa wailesi yakanema kupangirapo ndalama. Muli Chinyanja chambiri, mudzamva nokha. Anthu kuno amaseka poonera, ndipo zoseketsa zilimodi, koma ine ndinkaganiza za agogo anayi a ku Neno amene anaphedwa mu 2016 mphezi itapha mwana, pomwe lamulo lathu la 1911 limaletsa ngakhale kungomutchula munthu kuti ndi mfiti.

Yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, inatuluka mu 2024 ndipo inamupezetsa mphoto ku Cannes. Imeneyi yandisowetsa tulo. Mtsikana wina, nayenso Shula, akuchokera kuphwando usiku pagalimoto, ndipo akupeza mtembo wa amalume ake, a Fred, uli gone pamsewu. Salira. Akuimbira foni bambo ake modekha ngati akunena za tayala lophulika. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto ndi maliro okhaokha, ndipo ngakhale amalankhula Chibemba ndi Chingerezi, simudzafuna womasulira. Mipando yatulutsidwa panja. Amayi adzaza m'nyumba ya siwa, akulowa chokwawa ndi maondo uku akubuma. Abambo ali panja kudikira chakudya. Atsikana ali kukhitchini usiku wonse, kuphika, kutsuka mbale, kuperekera madzi, kwinaku azakhali akuwayang'ana kumaso kuti aone amene sakugwetsa misozi.

Apa ndinayamba ndalira za ine ndekha. Maliro a amayi ndinawaonera pafoni, nditaitsamiritsa ku ketulo pa kathebulo kanga. Ndinaona amayi a Chigwirizano atavala zoyera ndi zakuda atazungulira bokosi, ndinakuonani inu mutamanga chitenje m'chiuno anthu atakugwirani mbali zonse, kenako netiweki inadula adzukulu asanatsitse bokosi m'manda. Sindinagone pasiwa, sindinaponye dothi, sindinamete nawo. Ndiye poona nyumba yodzaza ndi amayi ogona pansi mothithikana, ndinasirira. Munthu kusirira maliro, achemwali! Kuno nkhalamba imene ndaisamala miyezi yambiri ikamwalira, pofika madzulo bedi layalulidwa, chipinda chikudikira wina. Mwambo wathu wokhuza maliro ndi chuma, ndipo filimuyi ikuonetsa kukoma kwake. Pali pamene azakhali onse akuwazungulira atsikanawo m'kachipinda kosungira zakudya n'kuwaimbira, kuwauza kuti amawakonda, ndipo chikondicho n'chenicheni.

Koma pang'onopang'ono zikuululika chifukwa chimene Shula sakulirira. Malume ameneyu anamugwirira ali mwana. Anachitanso chimodzimodzi kwa msuweni wake Nsansa, amene tsopano amangokhalira mowa ndi phwete kuti aiwale, ndi kwa Bupe, wamng'ono pa onse, wa kuyunivesite, amene mpaka akufuna kudzichotsera moyo. Choopsa kwambiri n'chakuti akuluakulu ankadziwa. Amayi awo enieni ankadziwa. Anati tinamulankhula, anati asintha, anati zakale zisiyeni, munthu wapita kale. Ababemba amatsata kuchikazi ngati ife Achewa, ndiye Fred si mlendo wodutsa. Ndi mlongo wawo wa amayiwo, mwini mbumba, amene anayenera kukhala mpanda wa ana amenewa. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Banja lonse likuteteza mkhatewo, ana akudyedwa.

Mkwiyo umene akulephera kuutula pa malemuyo akuutula pa mkazi wake wamasiye, kamtsikana kamene anakatenga kali kakang'ono n'kukabereketsa ana ambirimbiri. Akuti sankamuphikira, akuti sankamusamala, ndiye wamupha ndi iyeyo. Akukaniza chakudya, akukagoneka panja, ndipo pamsonkhano wa mabanja awiri kakugwada pansi kupepesa pomwe achibale a mwamuna akuwerengetsa nyumba ndi katundu. Ndani wa ife sanaonepo zimenezi? Lamulo loletsa kulanda chuma cha masiye tili nalo kuyambira 2011, loletsa kukwatiwa usanafike zaka 18 tili nalo kuyambira 2015, koma pasiwa pamalamula azakhali ndi amalume, ndipo wapolisi safikapo.

Za nkhanga zikubwera chifukwa cha pulogalamu ya ana ya pa TV imene Shula akuikumbukira, yophunzitsa kuti nkhanga ikaona chilombo imalira mokweza kuchenjeza nyama zinzake. Mathero ake sindikuuzani. Ena kuno akuti inatha mwadzidzidzi, yosamasula nkhani. Ine ndikuti inathera pamalo pake, chifukwa nkhani zoterezi m'mabanja mwathu sizimasulidwa. Pena pali zithunzi zonga maloto, madzi atasefukira m'nyumba anthu ali mtulo, zimene mwina alamu adzati n'zosokoneza. Apirire nazo. Pa mafilimu onse amene ndatchula, iyi ndiye yoposa, ndipo ndi yokhayo imene inandionetsa kwathu kopanda kukometsera.

Achemwali, mukudziwa chimene ndikunena, ndipo mukumudziwa amene ndikumunena. Sindilemba dzina lake papepala. Inu munali wamkulu, munaona zambiri kuposa ine, ndipo tonse tinauzidwa kuti zapabanja saulula. Sindikukuimbani mlandu, nanunso munali mwana. Amayi apita osatsegulapo pakamwa, ndipo ndimawakondabe monga kale. Kukhala kutali kuno kwandichititsa kulakalaka chilichonse cha kwathu, fungo la mvula yoyamba, chigumu, phokoso la pachigayo, moti n'kosavuta kuiwala kuti kwathu komweko kuli zinthu zimene tinazikwirira zili zamoyo. Munthu ameneyo akadali moyo, amabwerabe pakhomo panu nthawi ya zokolola, ndipo inu muli ndi ana aakazi atatu.

DVD yake ndagula, ndipatsira mayi wina wa kumpingo kuno amene akubwera kumudzi mwezi wamawa, pamodzi ndi nsapato za anawo ndi mankhwala a miyendo a azakhali. Muyambe mwaonera nokha, ana atagona. Mukaona kuti n'koyenera, muonerenso ndi wamkuluyo, amene ali Fomu 3, kenako mumufunse mofatsa ngati pali chimene akufuna kukuuzani, ndipo chimene anganene mumukhulupirire. Onse atatu adziwe kuti nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi ya ana, komanso kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Akabwera munthu uja, asagone m'nyumba imene mukugona atsikanawo, ngakhale abale anene kuti mwachita mwano. Akafuna wonena, muwauze kuti ndalamula ndine, andiimbire foni.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa anyakwawa ndi onse a kumpingo. Mundiyankhe mukaonera, ndipo musaiwale fulashi ija.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.