Pulofesa amene anamangidwa chifukwa chophunzitsa amphawi kuwerenga

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4, ku yunivesite ndimangodutsako pamsewu. Choncho ndikamva zoti auje ndi pulofesa, ndimangoti za eni ake zimenezo. Koma alipo pulofesa mmodzi amene mbiri yake imandigwira mtima, ngakhale kwawo n'kutali komanso anamwalira ine ndisanabadwe. Ameneyu ndi Paulo Freire wa ku Brazil.

Mkuluyu anabadwa m'chaka cha 1921 mumzinda wa Recife, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, chigawo cha amphawi ambiri. Njala anaidziwa akadali mwana. Anaphunzira za malamulo koma uloya anautaya n'kusankha choko, mpaka mu 1959 anatenga digiri ya udokotala pa za maphunziro.

Chimene chinamutchukitsa chinachitika mu 1963 m'katauni kotchedwa Angicos. Kumeneko iye ndi gulu lake anaphunzitsa akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga ndi kulemba m'maola 40 okha a m'kalasi. Matsenga? Ayi ndithu. Asanayambe, ankayenda m'makomo kumvetsera mawu amene anthuwo amayankhula tsiku ndi tsiku, n'kutolapo ochepa. Amodzi mwa mawu otchuka m'njira yakeyi ndi "tijolo", kutanthauza njerwa. Ankawaduladula kuti ti-jo-lo, ophunzira n'kumapanga okha mawu ena kuchokera pamenepo. Kenaka ankakambirana: amaumba njerwa ndani? Nanga amagona m'nyumba ya njerwa ndani? Bwanji woumbayo amagona m'chisakasa?

Mafunso amenewa ndiwo anam'bweretsera tsoka. Nthawi imeneyo lamulo la ku Brazil silinkalola munthu wosadziwa kuwerenga kuponya voti, ndipo linadzasintha mu 1985. Ndiye aliyense wophunzira alifabeti ankasanduka wovota, wovota wake wodziwa kufunsa. Boma la João Goulart linkafuna kufalitsa ntchitoyi dziko lonse, koma mu 1964 asilikali analanda boma. Freire anam'tsekera masiku 70, kenaka anathawira ku Bolivia ndi ku Chile. Kumeneko ndiko analemba buku lake lotchuka, Pedagogy of the Oppressed. Anakaphunzitsako ku Harvard, anagwira ntchito ku Geneva, anathandizanso ntchito yophunzitsa akuluakulu ku Guinea-Bissau. Kwawo anabwerera mu 1980, mu 1989 anakhala mkulu wa zamaphunziro mumzinda wa São Paulo, ndipo anamwalira mu 1997.

Mwina mukuti za ku Brazil zikutikhudza bwanji ife? Tamvani. Azakhali anga kumudzi amalima soya. Kwa zaka zambiri venda ankabwera ndi sikelo yake, kuyeza yekha, kuwerenga yekha, kulemba yekha papepala, iwo n'kungolandira ndalama n'kuthokoza. Atayamba sukulu ya kwacha, anzawo ankawaseka ati nkhalamba ikufuna ntchito ya muofesi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi azakhali, mukudzivutitsiranji pa msinkhu wanuwu?" Anandiyankha kuti, "Iwe, ndatopa n'kudinda chala pa zinthu zimene sindikuzidziwa." Chaka chotsatira anaima pafupi ndi sikelo n'kuwerenga okha manambala mokweza. Venda uja sanaonekenso pakhomopo.

Azakhaliwo dzina la Freire sanalimvepo, koma zimene iye ankanena anazichita. Mkuluyu ankadana ndi maphunziro amene mphunzitsi amangothira nzeru m'mutu mwa wophunzira ngati munthu woika ndalama ku banki, kudikira kudzazitapa pa mayeso. Ambirife tinaphunzira choncho. Tinkaloweza mitsinje ya kunja, koma panalibe wotifunsa chifukwa chake anzathu ena ankasowa m'kalasi nyengo ya ganyu ikafika.

Chichewa chathunso chimaduka bwino ngati "tijolo" uja. Tangoganizani kalasi ya akuluakulu yoyambira pa mawu oti si-ke-lo, ga-nyu, ngo-ngo-le, mu-nda. Munthu angagone m'kalasi yotero? Zilembo angazigwire msanga chifukwa akuwerenga za moyo wake womwe. Vuto lake n'lakuti akamaliza ayamba kufunsa amfumu, afunsa venda, afunsa ndi wobwereketsa katapira. Si onse angakondwere.

Ndiye kwa inu madokotala ndi mapulofesa a zamaphunziro, sindikunyoza mikanjo yanu, munaivutikira. Koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Mapepala amene mumakawerenga ku misonkhano ya m'mahotela, mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amapindula nawo chiyani? Freire anali ndi mpando wabwino pa yunivesite, komabe ankapita kukakhala pansi ndi alimi n'kumawamvetsera. Tsikani nanu, mukaone sukulu za kwacha zimene zikuchitikira pansi pa mitengo. Aphunzitsi ake odzipereka aja akukudikirani.